Anandijambula Ndili Mtulo

Ife a ku Doha tinali ndi kajambulitsidwe kathukathu. Tsiku lopuma tinkasamba mpaka kuwala, n'kukwera basi kuchoka ku Umm Ghuwailina komwe tinkakhala, kupita ku The Pearl, dera la anthu olemera. Kumeneko unkasankha galimoto yonyezimira ya eni ake, n'kuima pafupi osaikhudza, dzanja limodzi m'thumba, mnzako n'kukujambula msangamsanga mlonda asanatembenuke. Zithunzi zimenezo ndi zomwe zinkapita kumudzi. Mkazi wanga ku Balaka anali nazo zambirimbiri. Sindinamuuzepo kuti galimoto ndi yanga, nayenso sanafunsepo. Ndinkangofuna kuti azindiona woyera, woimirira, wosatopa. Ndinamusiya ali woyembekezera, ndipo mwana wathu wamwamuna ndinkangomudziwira pa foni.

Ntchito yanga inali yoperekera zakudya mu hotela ina komweko ku The Pearl. Tinkagwira m'mawa, kupuma masana, n'kuyambiranso madzulo. Kuchipinda kwathu kunali kutali, choncho masana ndinkagona kuseri kwa khitchini, pa matumba a mpunga, nditavula nsapato chifukwa mapazi ankatupa.

Chaka china hotela inaitana achinyamata atatu a ku Japan, ojambula ndi utoto. Anawapatsa chipinda choyandikana ndi khitchini. Utoto wawo sunali wa m'chitini. Ankapera miyala ndi zigoba za nkhono mpaka zikhale ufa, kusakaniza ndi guluu wa zikopa wotenthetsa pamoto, n'kumapaka pang'onopang'ono, nthawi zina pamodzi ndi golide, pa pepala lopyapyala ngati khungu la anyezi. Anatiuza kuti makolo awo ajambula motero kuyambira kalekale, koma zambiri zinali mbalame, mapiri ndi maluwa. Iwo njirayo ankaifuna, koma ankati azijambula zomwe maso awo akuona lero. Wina anajambula makina omangira nyumba zazitali akutulukira m'fumbi, malo omwe agogo ake akanaikapo mitengo m'nkhungu. Pamapeto pake hotela inakonza phwando la anthu olemera, chakudya chilichonse chizibwera ndi chithunzi chake.

Mmodzi mwa atatuwo anali mtsikana wa tsitsi lalifupi, wosayankhulayankhula, zala zake zobiriwira ndi utoto nthawi zonse. Tsiku lina anandiimitsa pakhomo, kabuku kake kojambulira kali m'manja, n'kufunsa m'Chingerezi chokokakoka ngati ndingalole kuti andijambule. Ankafuna kunditsegulira kabukuko, koma ine ndinali nditavomera kale, mutu utakula ngati dzungu.

Madzulo omwewo ndinaimba kumudzi. "Mayi a mwana, konzekani. Andijambula ndi utoto wa golide, andipachika pakhoma mu hotela." Mkazi wanga anaseka mpaka kutsokomola. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kwa amayi anga, kwa apongozi ndi kwa kwaya yonse.

Munthu sajambulitsa ndi zovala za kuntchito, ndiye ndinapita kwa bambo wina wa ku Mangochi amene tinkagona chipinda chimodzi, dalaivala, mwini suti yokhayo m'nyumba monse.

"Achimwene, suti iyi ndi ya Idi, musakaithire supu," anatero akuitulutsa m'pulasitiki. "Yalla, tiyeni, yesani tione. Mashallah, mwakhala ngati manijala!"

Manja a jekete anali aafupi, koma ndinaona kuti ndikapinda mikono sizioneka. Ndinayeserera kaimidwe pagalasi la kubafa. Kenaka ndinadikira kuti mtsikana uja andiitane ndikakhale pampando. Masiku anapita, iye tikakumana ankangowerama n'kudutsa. Nditatopa ndinavala suti ija tsiku langa lopuma, n'kukagogoda pachitseko chake.

Anayang'ana suti, anayang'ana ine, nkhope yake n'kufiira. "Koma ndamaliza kale," anatero, n'kuchotsa nsalu yomwe inaphimba chithunzi.

Ndinali ine, ndili mtulo pa matumba a mpunga. Pakamwa potsekuka pang'ono, dzanja pansi pa tsaya, bondo limodzi lopinda. Nsapato zili pambali, mapazi otupa, sokosi yobowoka, chala chachikulu chili panja. Theka lonse la pepala linali golide yekhayekha, wopanda kanthu, ngati kuti aliyense aone bwino pomwe pali ine. Anandiona tsiku loyamba lomwe, n'kundilemba m'kabuku kaja. Zomwe ankafuna kundionetsa pakhomo paja zinali zimenezo.

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinaima pamenepo ndi suti ya mwini, thukuta likutsika pamsana, mafuta onunkhira omwe ndinadzipopera akudzaza chipinda. Iye anati ngati sindikufuna achichotsa, osachionetsa kwa munthu. Koma kwathu mlendo sitimuchititsa manyazi, ndipo ndinaona mmene maso ake anatupira ndi ntchito ya masabata onsewo. Ndinati, "Ndi chokongola," n'kutuluka. Mkwiyo unandipeza mu basi, pomwe unalibenso ntchito.

Tsiku la phwando manijala ananena kuti chakudya cha chithunzi chimenecho ndipereke ineyo, akuti zikhala zokoma. Chinali kambale kakang'ono, mpunga woti mwana angamalize ndi sipuni ziwiri, kachidutswa ka nsomba ndi kagolide pamwamba. Ine ndinkayenera kuthirapo tiyi wobiriwira wotentha mlendo akuona. Wophika wamkulu anafotokozera alendo kuti ku Japan ichi ndi chakudya cha munthu wotopa, wongoweruka kumene.

Nyale inaunika chithunzi. Alendo anasiya kuyankhula, azungu ndi Aluya omwe. Anayang'ana pakhoma, kenaka nkhope yanga, kenaka pansi, kumapazi kwanga. Bambo wina anagunda mnzake ndi chigongono. Palibe anaseka, ndipo bola akanaseka, ndikanadziwa pomwe ndaima. Anangondiyang'ana ndi maso achisoni, ngati ndine wodwala amene abwera kudzazonda. Ndinathira tiyi uja m'mbale. Ndinali nditagula sokosi zatsopano, komabe ndinapinda zala mkati mwa nsapato. Kenaka anaomba m'manja, n'kudya mpunga wawo.

Vuto lenileni linali kumudzi. Foni iliyonse mkazi wanga ankafunsa. "Chithunzi chija chili kuti? Anthu akundivutitsa kuno." Ndinkati sichinaume, kenaka ndinkati netiweki ikuvuta. Zaka zonsezi ndinamutumizira mwamuna wa pagalimoto, ndiye lero ndimutumizire wogona pa matumba ngati katundu?

Mwini suti uja anandimva ndikuzembazemba pa foni. "Achimwene, khalas, basi zakwana, musazunzike. Valani suti, tipite tikakujambuleni pa boti lina apo, muwauze kuti pulogalamu inasintha."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinali nditalonjeza golide, ndipo mkazi wanga si munthu womupusitsa ndi boti. Masana ena, nditakhala pa matumba omwewo, ndinatumiza chithunzicho osalembapo mawu alionse. Foni inaonetsa kuti wachiona. Sanayankhe. Madzulo onse ndinaperekera zakudya mtima uli m'mwamba, ndikuganiza apongozi akupatsirana foni pakhonde.

Anaimba mawa lake, nthawi yomweyo yopuma.

"Bambo a mwana, ndachiona. Sindinaonetse munthu aliyense."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa maso a alendo aja, chifukwa ndinadziwa kuti manyazi anga awoloka nyanja, tsopano wawasenza ndi iye.

"Mapazi aja amatupa chomwecho tsiku lililonse?"

"Ayi, mtsikanayo anangokokomeza," ndinatero, ndikuyang'ana mapazi anga omwe anali otupa kuposa a pachithunzi.

Pa foni ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya anzathu oyandikana nawo. Kenaka anati, "Dikirani, musadule."

Foni inanjenjemera, chithunzi n'kulowa. Anali mwana wanga, ali mtulo pa mphasa. Pakamwa potsekuka pang'ono, dzanja pansi pa tsaya, bondo limodzi lopinda.

"Amayi anu amafunsa kuti kagonedwe aka anatengera ndani," anatero mkazi wanga. "Ine ndimangoti kaya. Ndinali nditaiwala, bambo a mwana. Mwamuna wanga yemwe, ndinali nditaiwala mmene amagonera."