Utuchi wa ku Beech Grove

Ku South Bend, ku Amereka, ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, koma kumapeto kwa sabata ndinkawola ndowe m'khola la mahatchi kunja kwa tauni. Mwini wake anali mayi wachizungu wamasiye, wamakani kwabasi. Pa mahatchi ake anayi, yaikazi yofiirira inali ya malemu mwamuna wake, ndipo ankacheza nayo ngati munthu.

Zoyala pansi m'khola ankasankha yekha. Mapesi a tirigu ankawakana, ati hatchi imadya mpaka kutupa mimba. Ankangofuna zopala za paini za m'sitolo. Ine zinkandinyansa. Kugula utuchi! Kwathu ku Ndirande timangokautapa kwa kalipentala n'kukathira m'khola la nkhuku.

Tsiku lina ndinapita kuchinkhoswe ku Indianapolis, ndipo ndinagona kwa mkulu wina wa mpingo ku Beech Grove, yemwe ankapala matabwa m'galaja mwake. Atamva za ntchito yangayo anati, "Achimwene, tengani matumba a utuchi awa, ife timangodampa kudzala." Mphatso ya akulu sakana. Mtundu wa mtengowo sindinafunse, nanga utuchi amaufunsa mtundu? Loweruka ndinauyala m'chipinda cha hatchi yofiirira ija osamuuza mayiyo, poganiza kuti andiyamikira.

Lamlungu m'mawa ndinapeza mayiyo akukuwa. Hatchi inali itaima motsamira kumbuyo, miyendo itatupa, thukuta lili kamukamu, ziboda zikutentha. Tinayesa kuikoka kuti ituluke. Itangoponda, ululu unaipengetsa. Inadzuka ndi miyendo yakumbuyo, inaswa thabwa la chitseko, kenako inandimenya theche m'nthiti. Ndinakagunda khoma, m'kamwa mutadzaza magazi.

Mayiyo anatapa utuchi uja, wakuda ngati khofi, n'kuununkhiza. "Wolonati wakuda! Wautenga kuti?" Mtengo umenewo, wochuluka ku Indiana, ndi poizoni kwa hatchi: ikangoima pa utuchi wake, ziboda zimawonongeka m'kati. Ndisanayankhe anandiwaza utuchiwo kumaso n'kundiwomba mbama. Chitulukireni ku pulayimale palibe anali atandimenyapo. Mtima unandiwira, ndinangozindikira fosholo ili m'mwamba m'manja mwanga. Iye sanathawe, anangondiyang'ana. Ndinaimenyetsa pakhoma, mpini n'kuthyoka pawiri, ndipo manyazi anandigwira kuposa ululu wa nthiti.

Kwa masiku khumi tinalimbana ndi matenda a hatchiyo. Dokotala wa ziweto ankabwera ndi jakisoni, ife tikuviika miyendo yake m'zidebe za ayisi. Ndikaweruka kwa okalamba ndinkathamangira komweko, nthiti zitamangidwa, popanda wondiitana. Mayiyo sankandiyankhula, koma sanandithamangitse. Hatchi inayamba kugona pansi, kumenyetsa mutu pamatabwa mpaka khungu kusupuka. Tsiku lakhumi fupa linaboola pansi pa chiboda, ndipo dokotala anati basi, tisaizunzenso.

Tinaidzutsa movutikira n'kuitulutsa pabwalo. Mayiyo anagwira chingwe, koma chinkamupulumuka m'manja. Anatembenukira kwa ine.

"Gwira iwe. Usailole igwe ndi mutu."

Ndinakulunga chingwe m'dzanja. Jakisoni woipha atalowa, hatchi inapuma mwamphamvu kawiri, mawondo n'kupindika, thupi lonse kugwa pansi kuti khu! Chingwe chinanding'amba chikhatho, koma sindinachitaye. Ndinagwada nayo, mutu wake uli pamiyendo panga, mpaka dokotala anati ndikhoza kusiya.