Kalata ija yafika, Azakhali

Azakhali, lero kuntchito okalamba amene timawasamalira aja amaonera sewero lija pa TV, la mayi wa kufakitale amene boma litasintha malamulo anamusainitsa kalata, n'kuchotsedwa ntchito, kenako m'nyumba. Ndinangoima ndi thileyi ya chakudya m'manja. Ndinakumbukira Lamulungu lija tikuonera seweroli limodzi kunja kuno, m'tauni ya Barking, inu mukumukalipira mayiyo: "Iwe mayi, usasaine kalatayo!" Ine n'kuyamba kukufotokozerani ndale za nthawi imeneyo, n'kumati ndi sewero chabe. Munandiyang'ana, n'kuti, "Aphunzitsi, dikirani yanu ifike."

Yafikadi. Malamulo a viza asinthanso, ndipo abwana akufuna ndisaine pangano latsopano pofika Lachisanu. Ndaliwerenga kanayi, mawu onse ndikuwamva bwinobwino. Koma patha chaka chitisiyireni inu, Azakhali, ndipo wondikuwira kuti usasaine palibe.