Kambuku ndi Chitenje cha Chipani

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa wina ndinkadutsa ndi amayi m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, iwo akupita kokavina ku City Centre. Tinangoona kambuku waima panjira, akutiyang'anitsitsa.

"Usathawe mwanawe, usamufulatirenso," amayi anandinong'oneza. Anamasula chitenje cha chipani, chija chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, n'kuchitambasula m'mwamba kuti aoneke aakulu, uku tikubwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono. Kambuku anaphethira, n'kulowa m'tchire.

Madzulo abambo atamva nkhaniyi anayamba atseka chitseko ndi mawindo, kenako anati motsitsa mawu: "Amake mwana, nkhope imeneyo ngakhale kambuku amaiopa."

Tinaseka titagwira pakamwa. Masiku ano ndimaseka mokweza mmene ndingafunire, koma sindinasekenso mokoma ngati tsiku lija.