Fayilo Imene Makina Anaikana

Lachitatu, mwezi wa Ogasiti. Ndakhala pakhonde kwathu ku Kawale, chikwama sindinamasule.

Titatsekera sukulu ndinaganiza zopita ku Mzuzu kukaluka tsitsi mu saluni ya azakhali, kuti ndipeze ya yunifolomu. Kunkazizira. Makasitomala akamaseka m'Chitumbuka ndinkangomwetulira, osadziwa chosekedwa. Kwathu ndinkakusowa, koma pafoni ndinkangoti ndili bwino.

Ndili komweko ndinamva za bungwe lina lolipirira atsikana fizi. Linkafuna chithunzi cha lipoti la kusukulu, chotumiza pa webusayiti yawo lisanadutse Lachisanu likubwerali. Lipotilo linali kunyumba. Ndinapempha Amayi kuti alijambule, atumize pa foni ya azakhali.

Choyamba chimene chinafika, webusayiti inati ndi fayilo yopanda kanthu. Bandulo inawathera Amayi pakati. Chachiwiri azakhali anangondikopera pa memoli khadi ali pakati poluka munthu. Ku shopu ya makompyuta sindinachitsegule n'komwe. Chinali ndi dzina lachilendo, ndiye ndinachitcha lipoti.jpg n'kutumiza. Webusayiti inakananso, akuti ichi si chithunzi. Ndinakwera basi yobwerera kwathu nditakwiya.

Lero ndinapita kwa achemwali a Tiyamike, oyandikana nafe, amene ntchito yawo ndi kulemba mapulogalamu a mawebusayiti.

"Iwe Chisomo, umafuna kunamiza makina?" anaseka. "Pulogalamu yolembedwa bwino imayamba yaona ngati chafika chilipo. Kenaka, kodi muli kanthu? Ikatero imasuzumira m'kati mwenimweni. Dzina siilikhulupirira."

"Ndiye inaonamo chiyani?"

Anachotsa dzina ndinaikapo lija n'kutsegula fayiloyo. Tinamva mawu a Amayi.

"Mwanangu, kamera yafa. Ndikuwerengera, iwe ukawauze akuluakuluwo. Ma-the-ma-tikisi... sevente-folo..."

Amayi anasiyira Sitandade 4. Chibadwire sindinawamvepo akuwerenga Chingerezi. Anatchula phunziro lililonse, akaphonya n'kuyambiranso, mpaka ndemanga ya aphunzitsi pansi penipeni. Kumbuyo kunkamveka maminibasi, ndi munthu wina akufunsa mtengo wa chimanga chimene amaotcha pamsewu. Anamuyankha kuti, "Dikirani kaye bambo, ndili ndi za sukulu."

Achemwali anasiya kuseka. Ine ndinangoyang'ana pansi. Makina amene sindikudziwa n'komwe kumene ali anazindikira kuti m'fayilomo muli mawu, ine mwana wawo osadziwa.

Amayi sindinawauze kuti ndamvetsera, ndikuchita manyazi. Mawa m'mawa nditenga lipotilo kukalijambulitsa pa sikana kumsika. Ndiwapempha tipitire limodzi, batani lotumizira akadine okha.