Waya Wachitatu Umene Ndinadula

Dzanja lamanja la amayi anga silifumbata bwinobwino mpaka lero, ndipo amene ndinaliwononga ndine. Ndikunena poyera, inu owerenga, chifukwa kwathu ku Bangwe anthu amangoti inali ngozi ya magetsi. Magetsi alibe mlandu. Ndinadula waya umene sindinayenera kudula.

Sukulu ndinalekezera Fomu 3, bambo atamwalira. Musandifunse zambiri, ndinatopa nako kufotokoza. Anzanga akulemba mayeso, ine ndinali kutola mawailesi akufa, kumasula, kuwotcherera, kuphunzira ndekha. Achibale ankanditchula kuti injiniya, koma akatero ankayang'anana n'kuseka.

Chaka chimene achemwali anga anapeza banja, ndinali nditapanga kabokosi kamene ndinkakanyadira. Nyimbo za mu laputopu zimakhala manambala chabe, ndiye pamafunika kachipangizo kozisandutsa mawu zisanapite ku ampulifaya. Laputopu yakale imene ndinkabwereka kwa mnzanga inkatulutsa mawu ngati wailesi ya m'minibasi. Ndinapeza kachipangizo kotere mumsika wa Ndirande, ndinakapangira magetsi akeake ndi thiransifoma ya wailesi yakale, zonse n'kuika m'bokosi la lata limene anandikhomera okhoma ndowa. Mawu ake ankamveka bwino kwambiri. Pamenepo sindinama.

Pokonzekera chinkhoswe, alamu anga ankafuna kuitana woimbitsa nyimbo wa m'tauni. Amayi anakana pamaso pa akuchimuna onse.

"Woimbitsa tili naye m'nyumba muno," anatero. "Kapena mukufuna wa tayi?"

Anthu anaseka, nkhani n'kutha. Ine ndinadziwa kuti ndikalephera, manyazi adzagwira amayi, amene anandiikira kumbuyo pagulu.

Kutatsala tsiku limodzi ndinalumikiza zonse: laputopu, kabokosi, ampulifaya yobwereka ndi maikolofoni. M'masipika munayamba kumveka nguuu wosalekeza, ngati njuchi zatsekeredwa m'ndowa. Ndinasintha mawaya, ndinasuntha thiransifoma, koma ayi ndithu. Kenako ndinayesa kuchotsa waya wachitatu m'pulagi ya kabokosi, wobiriwira ndi wachikasu uja, ndipo phokoso linachepa. Nditachotsanso wa ku ampulifaya, kunangoti zii. Ndinatenga pulayala n'kudula onse awiri.

Musaganize kuti sindinkadziwa ntchito ya waya umenewo. Ndinkadziwa kuti magetsi akathawira ku chitsulo, ndi umene umawatengera pansi kuti fyuzi ipse, munthu asapse. Koma tonsefe timabaya chotsekera cha cholembera m'soketi kuti pulagi ya mano awiri ilowe, ndipo sindinaonepo munthu atafa nazo. Ndinadziuza zimenezo. Ndinkadziwanso kuti m'kabokosimo waya wa magetsi ndinangopota n'kukulunga tepi, chifukwa zowotcherera zinali zitatha ndipo ndinachita ulesi kupita ku Limbe.

Tsiku la chinkhoswe mvula inagwa m'mawa, pabwalo panali chinyontho. Nyimbo zinkamveka mpaka kumsewu. Amalume amene ankandiseka kwambiri anadza kudzasuzumira kabokosiko, n'kuchoka osaseka. Amayi anavina mpaka anavula nsapato zatsopano zimene zinkawaluma. Kabokosi kankatentha, ndinakakhudza ndithu, koma ndinati n'chimodzimodzi thiransifoma iliyonse. Sindinaganize kuti tepi ija ikusungunuka, ndiponso kuti magetsi akakhudza lata ayenda mpaka kumaikolofoni.

Ankhoswe atamaliza mbali yawo, amayi anapempha maikolofoni kuti athokoze anthu. Anaima osavala nsapato padothi lonyowa. Anathokoza akuchimuna, anathokoza amayi a mumphakati mwathu ku tchalitchi amene anaphika, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndipo zoimbira mukumvazi sitinabwereke kwa mzungu ayi. Mwana wanga uyu..."

Anangofika pomwepo. Thupi linauma, dzanja linakanirira pamaikolofoni, pakamwa pali yasa. Ena ankaganiza kuti ndi nthabwala, ankasekabe. Ine ndinazindikira nthawi yomweyo, koma sindinathamangire kukazula pulagi. Amene anazula pulagi ndi alamu anga aja. Amayi anagwa chagada, chikhatho chitapsa, mkono utathyoka pogwapo.

Kuchipatala anati akanachedwa kuzula pang'ono, tikanalira maliro. Achemwali anga anakhala pabenchi ndi chitenje cha chinkhoswe, osandiyang'ana. Nditaloledwa kulowa, ndinawauza amayi zonse, za waya ndi za tepi. Ndinkafuna andikalipire. Iwo anangofunsa ngati alendo anadya asanabalalike.

"Amayi, mwamva zimene ndanenazi?"

"Ndamva. Usakauze akuchimuna. Akwatire mwana wanga kaye, za iwe tikambirana kunyumba."

Ukwati unachitika, ndipo woimbitsa anachokera m'tauni. Kukambirana kuja sikunachitike mpaka pano. Amayi ankatidyetsa ndi mandasi, koma dzanjalo silithanso kukanda ufa. Amene ndimakanda m'mawa uliwonse ndine, iwo atakhala pambali n'kumandiuza kuti madzi achuluka.

Inu anyamata anzanga amene mumaphunzira zamagetsi panokha, sindikukuletsani. Ambirife njira ina tilibe, ndipo amene amatiseka satipatsa ntchito. Koma phokoso likavuta m'masipika, funani chimene chikuliyambitsa, ngakhale zitenge sabata. Waya wachitatu musaukhudze. Bokosi likakhala lachitsulo, waya umenewo umangidwe pachitsulopo ndi bawuti. Waya wa magetsi muziwotcherera, osati kupota, ndipo fyuzi ikhalepo. Mukaona kuti nthawi yatha, vomerani pamaso pa anthu kuti simunamalize. Akusekani tsiku limenelo basi.

Ine ndinaopa kusekedwa. Pano ku Misa wansembe akati tipatsane mtendere, amayi amapereka dzanja lamanzere n'kupepesa kwa amene ali pafupi, ine nditaima kumbuyo kwawo.