Hariyapu wa pachulu

Ine pakhomo la sukulu sindinapondepo, koma Chingerezi ndili nacho changachanga, liwu limodzi: hariyapu. Ndinalitola ku esiteti ya fodya cha ku Lisasadzi, komwe tinkachita utenanti ndi malemu amuna anga. Kapitawo wakumeneko pakamwa pake panali pomwepo. Pothyola fodya hariyapu, posoka hariyapu, ngakhale popita kukamwa madzi hariyapu. Adzukulu anga amati tanthauzo lake ndi kufulumira basi. Ine ndimati liwuli lilibe manyazi. Ng'ombe, mnyamata, nkhalamba ya imvi, onse limawakwapula mofanana. Titabwerera kwathu ku Wimbe ndinkangouza mbuzi zikamachedwa kulowa m'khola.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi bambo wabwino, wolimbikira kumunda, koma mayendedwe ngati a birimankhwe. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi mpongozi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kufunda chitenje kumutu. Mawu onse ankadzera mwa mwana wangayo.

Chaka china fodya wathu anauma bwino m'chigafa, masamba ofiirira ngati uchi, kungodikira kusankha. Ndiye mphepo inabwera n'kusasula denga mbali imodzi. Akamwini anamanga ng'ombe pangolo kukatenga udzu ndi pepala la pulasitiki kwa achimwene awo. Mwana wanga anali kuchigayo. Pofika masana kumwamba kunada bii! Fodya wouma akavumbwa amaola, ndiye kuti thukuta la chaka chonse lapita.

Ndikuponya maso patsidya pa dambo, ngolo ija pobwerera ndi udzu yaima. Akamwini atsika, chipewa m'manja, akupereka moni kwa mkulu wa mpingo. Moni wawo ndinkaudziwa: kaya kunyumba, nanga ana, nanga mwendo uja, nanga nkhumba inaswa? Dontho loyamba linandigwera pamkono. Wotuma panalibe. Kuwatchula dzina sindingathe. Ndinayesa kutsokomola, tsidya lonse lija ndani angamve? Kuwalamula m'Chichewa pakamwa pankakana.

Ndinakwera pachulu, manja kukamwa.

"Hariyapu!"

Mkulu wa mpingo anadzidzimuka n'kugwetsa njinga yake. Akamwini anacheuka, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni.

"Yesi, bwana!"

Abale, ng'ombe zimathamanga! Ngolo inadutsa dambo lija ikulumphalumpha, udzu uli wayawaya m'mbuyo. Pofika pachigafa panalibenso zopatukirana. Iwo padenga, ine pansi kuwaponyera mitolo.

"Amayi, luzi!"

"Nali, bambo, gwirani!"

"Kokani pepalalo, amayi, likuuluka!"

"Ndikukoka! Inu mangani, musandiyang'ane!"

Mvula yeniyeni inatipeza tikumanga ngodya yomaliza. Anavumbwa ndi masamba a m'mphepete okha, ena onse anali gwa, ouma.

Mwana wanga anafika ufa uli pamutu atauphimba ndi thumba. Anatipeza titakhala m'chigafa, tonse tili chonyowa, tikuseka za njinga ya mkulu wa mpingo. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Amayi! Inu ndi akamwini anu mphasa imodzi? Anthu akamva?"

"Amva kale, mpaka tsidya," anatero amuna ake.

Ine ndinati, "Tula ufawo, mwanawe, udzatithandize kupatula onyowawa asanaoletse anzawo."