Munda umene ndinaonetsa pakhoma

Chaka chimene sukulu yathu ya sekondale kufupi ndi Kabwazi inalandira sola ndi pulojekita, ine ndinali nditatopa kale ndi kulankhula ndekha m'kalasi. Ndimaphunzitsa zaulimi kwa ana amene anagwira khasu asanagwire pensulo. Ndikamalemba pabolodi za kukokoloka kwa nthaka, ankangondiyang'ana ngati ndikuwauza kuti mvula imanyowetsa. Ena ankasinza, ena ankakamba za mpira. Zinkandiwawa, chifukwa phunziroli ndimalikonda.

Ku maphunziro a aphunzitsi ku boma anatiuza kuti ana amakono safuna zojambula za m'buku, amafuna kuona zenizeni za kwawo. Ndinabwerako mutu uli wotentha. M'mawa wina mvula itangokata, ndikupita kuntchito, ndinaima pamsewu n'kujambula ndi foni munda wina wa m'mbali mwa phiri. Mizere yake inali yotsetsereka ndi phirilo, madzi atang'amba chigwembe pakati, mbatata ya kachewere ili pamtunda. Chakumtunda kunali mayi atawerama, akukwirira. Sindinawaganizire n'komwe. Ndinangokondwa kuti ndapeza phunziro, ndipo pamwamba pa chithunzicho ndinalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti CHITSANZO CHOIPA.

Tsikulo tinatchinga mawindo ndi zitenje, khoma linawala, ndipo Folomu 3 yonse inangoti zii. Mumtima ndinadzitama kuti lero ndawagwira. Kenaka wina kumbuyo anatchula dzina la mudzi. Wina anati mtengo wa mapichesi uli pamalirewo akuudziwa. Mitu yonse inatembenukira kwa mtsikana wina wa kutsogolo, phwete n'kuphulika. Mundawo unali wa kwawo, ndipo oweramawo anali mayi ake.

Ine, wokulira kumudzi, ndinaiwala bwanji kuti kwathu kuno kulibe munda wopanda mwini? Ana amadziwa munda uliwonse ngati nkhope ya munthu. Pofuna kuzimitsa msanga, ndinadina polakwika, chithunzicho n'kukula mpaka chitenje chong'ambika cha mayiwo chinadzaza khoma lonse. Mtsikanayo sanalire. Anatola mabuku ake, anapinda maondo kupempha kutuluka, ine n'kungogwedeza mutu. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

Mawa lake mtsikanayo sanabwere, mkuja wakenso ayi. Ndinamva kuti dzina loti Chitsanzo Choipa lamumatirira, ndipo lafika kale pamjigo ndi kutchalitchi. Mayeso anali pafupi, ndipo iyeyu anali mmodzi mwa ochepa amene ndinkayembekezera kuti adzapita patali. Mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti bambo a mtsikanayo anapita ku Joni kalekale ndipo anangoti zii, moti mundawo mayiwo amalima okha. Anawonjezera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndisadikire kuti ahedi achite kundituma.

Loweruka masana ndinakwera phirilo. Nditaodira, mayiwo anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pansi chapatali, kundilonjera ndi ulemu umene unandilasa kuposa kutukwana. Ndinapepesa. Sanadandaule, ndipo za mizere sanatchule. Anangopempha kuti aone chithunzicho. Anagwira foni ndi manja awiri, kuyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga anzakewo anamva phunzirolo, aphunzitsi?" anafunsa. "Ngati anamva, ndiye manyazi angawa sanapite pachabe."

Ndinavomera kuti anamva, ndipo sindinaname. Pa zonse zimene ndinaphunzitsa chaka chimenecho, phunziro limenelo lokha ndi limene palibe analiiwala.

Anamuitana mwanayo m'nyumba kuti adzandipatse moni. Anagwada pakhomo, maso ali pansi. Ndinamuchonderera kuti abwerere Lolemba. Ndinalonjeza kuti aliyense wotchula dzina lija adzaona polekera, ndipo ndinafufuta chithunzicho iye akuona, n'kumuonetsa foni kuti atsimikize.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Koma anzanga anachijambula pakhoma pomwe paja ndi mafoni awo. Chili paliponse."

Ndinabweza foni m'thumba. Potsika, mayiwo anandiperekeza mpaka panjira monga mwa mwambo, n'kundikakamiza kabichi mmodzi kuti mlendo sabwerera chimanjamanja. Ndinamunyamula chifukwa kukana kukanakhala chipongwe chachiwiri.

Lolemba desiki ya mtsikanayo inali yopanda munthu. Patapita masabata ndinamva kuti anamutumiza kwa azakhali ake ku Chimbiya. Ena amati anapitiriza sukulu kumeneko, ena amati amathandiza kugulitsa pamsewu, ndipo ine ndilibe mtima wofufuza kuti zoona n'ziti. Ndikamadutsa pa Chimbiya pa minibasi, ogulitsa mbatata akathamangira pawindo ndi mabeseni awo, ndimayang'ana pansi mpaka galimoto itanyamuka.